Mmene mungajambulire mbalame, nyama ndi nyenyezi kuno ku Zomba olo muli ndi foni chabe

Anthu ambiri akamva zojambula nyama zakutchire kapena nyenyezi amangoti aaa izo ndi za alendo obwera ndi makamera a mamiliyoni, ife tiyambira pati. Koma chimene chimaononga zithunzi zathu zambiri si kutchipa kwa foni ayi, ndi kugwedezeka. Dzanja likugwedezeka, munthu mwiniwake sakukhazikika malo amodzi, komanso wapita nthawi yolakwika. Mukakonza zimenezi olo Tecno kapena Samsung yakalekale imatulutsa chithunzi choti mutha kuonetsa anthu mosachita manyazi. Ndipo ife a ku Zomba tili pabwino, phiri lili pamutu pathu pomwepa, Chilwa ili kum'mawa, Liwonde ndi ulendo wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Ndiye tiyeni tiyambe.

Choyamba, konzani pokhazika kamera

Musanaganize zogula lenzi, pezani choti foni kapena kamera izikhalapo osasuntha. Ngati muli ndi tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu chija, zili bwino. Ngati mulibe, tengani sokosi yayikulu kapena kathumba kansalu, thiranimo mpunga kapena nyemba kapena mchenga wouma, mumange kukamwa. Kathumba kameneka mumakaika pamwala, pa chitsa, pawindo la galimoto, ndiye mukadinikiza foni pamenepo imakhala mmene mwaiikira, kaya mwaipendeketsa kuyang'ana kumwamba. Ine ndimakonda mpunga chifukwa supweteka phewa ngati mchenga mukamakwera phiri.

Kenako pukutani galasi la kamera. Foni imakhala m'thumba tsiku lonse, tagwira mandasi, tagwira chipisi, mafuta onsewo ali pagalasi, ndiye chithunzi chimatuluka cha chifunga munthu n'kumati foni ndi yoipa. Kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso kamakwanira. Tchajani batire, tengani pawabanki, chotsani mavidiyo odzaza memori. Fulashi muzimitsiretu, simuifuna masana ndipo usiku imangothobwa nyama m'maso.

Za zumu ndinene mosapsatira. Kukoka sikirini ndi zala ziwiri kuja pa mafoni ambiri sikubweretsa mbalame pafupi, kumangokulitsa timadontho ta chithunzi chomwecho. Gwiritsani 1x, kapena 2x ndi 3x ngati foni yanu ili ndi lenzi yakeyake ya zimenezo, zotsalazo mudzadula pokonza. Ngati mungabwereke bayinokula, lozetsani kaye pa mbalame, ikhazikeni pakathumba kaja, kenako gunditsani kamera ya foni pa diso limodzi la bayinokulayo mpaka kuwala kudzaze pakati pa sikirini. Poyamba zimavuta kulondoloza koma zikangogwirana mudabwa.

Yambirani pakhomo, osati ku Liwonde

Musathamangire njovu. Phunzirani pa pumbwa, njiwa, mpheta, buluzi, gologolo, agulugufe, zimene zili kuseri kwa nyumba, chifukwa zikathawa mawa zibweranso. Nyengo yachilimwe ikani mbale yakale yosazama pansi pa mtengo, muthire madzi, muike mwala pakati woti mbalame zizitera, madziwo muziwasintha kuti udzudzu usaswane. Pakapita masiku angapo mbalame zimazolowera. Inu khalani chapatali pang'ono pamthunzi, foni ili kale pa kathumba, fokasi (pamene mukufuna kuti paoneke pakuthwa) mwaiika kale pamwala paja, mukungodikira. Pa mafoni ambiri mukadina pa sikirini osachotsa chala fokasi imatsekeka pamenepo, ndipo pambali pamabwera kadzuwa koti mukakokera pansi chithunzi chimada pang'ono, mukakokera m'mwamba chimawala.

Nanzikambe ndi mphunzitsi wabwino kwambiri chifukwa sathamanga. Mukamupeza pa mpanda wa maluwa musamugwire kapena kumusuntha, ingogwadani kuti kamera ikhale pa mulingo wa mutu wake. Muona akuponya mwendo kutsogolo, kuubweza, kuuponyanso, zala zake zitapana kanthambi mbali ziwiri, diso limodzi likuyang'ana kutsogolo lina likuzungulira palokha. Dikirani diso la mbali yanu litembenukire kwa inu, mudine pomwepo. Lamulo la chithunzi cha chamoyo chilichonse ndi limenelo, diso likhale lakuthwa. Mchira ukhoza kusaoneka bwino, palibe adandaule, koma diso likaphonyeka chithunzi chafa.

Yang'ananinso zimene zili kumbuyo kwa nyamayo. Waya wa magetsi, jumbo yokodwa mu mtengo, khoma la bafa. Nthawi zambiri kusuntha phazi limodzi kumanja kapena kumanzere kumachotsa zonsezo n'kutsala masamba okhaokha.

Nthawi ndi dzuwa

Dzukani m'mamawa, palibe kuchitira mwina. Kuno mu June ndi July dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, pomwe mu October ndi November pofika hafu pasiti 5 latuluka kale. Maola awiri oyambawo mbalame zimakhala pa kalikiliki kusaka chakudya ndipo kuwala kumakhala kofewa. Madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko ndi chimodzimodzi. Masana dzuwa lili paliwombo nyama zabisala ndipo mithunzi imada bii pansi pa maso. Dzuwa likhale kumsana kwanu kapena chapambali, pokhapokha ngati mukufuna dala chithunzi chakuda cha mbalame ili pa mtengo dzuwa likulowa kumbuyo kwake.

Kayandikiridwe kake, valani zosawala, zobiriwira kapena zakhaki, foni ikhale pa silent. Musalunjike nyama ngati mukukaigwira, yendani chammbali pang'onopang'ono, imani, jambulani, sunthaninso pang'ono. Mbalame ikasiya kudya n'kutukula khosi dziwani kuti mwafika pa malire, imani pomwepo mpaka iyambirenso kudya. Koma njira yoposa zonse ndi kupeza mtengo umene uli ndi zipatso, makamaka mkuyu, n'kukhala pansi mphindi 30 kapena ola, zinthu zimabwera zokha. Akulu aja anati kuona maso a nkhono n'kudekha, pa nkhani iyi ananena zenizeni.

Amene muli ndi kamera ya Canon kapena Nikon, olo ija yakale yogula kwa munthu, ikani pa S kapena Tv, pamene mumasankha nokha liwiro la shata, kutanthauza nthawi imene kamera imatsegula kuti kuwala kulowe. Mbalame yotera 1/500 ya sekondi, youluka 1/1000 kapena 1/2000, ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) muisiye pa Auto, fokasi isankheni ya kadontho kamodzi kuti kamera isamagwire tsamba m'malo mwa diso, ndipo jambulani motsatizana. Musaope ISO yokwera m'nkhalango. Chithunzi chimatuluka ngati mwawazapo gaga inde, koma chimenecho chimakonzeka, chogwedezeka sichikonzeka. Mbalame zoyera monga kakowa chepetsani kuwala kufika pa -1 kuti nthenga zisapse n'kungokhala choyera chopanda mizere.

Kopita

Botanic Garden m'tauni momwemu ndi poyambira pabwino, mitengo ikuluikulu, mtsinje wa Mulunguzi ukudutsa, apusi ali mbwee. Pamwamba pa phiri yendani m'mbali mwa mtsinje kuchokera ku damu la Mulunguzi kulowera ku Williams Falls, kumene kwatsala nkhalango yachilengedwe, chifukwa m'mapaini muja mbalame n'zochepa. Kumeneko kuli nchima, anyani, nkhulukulu ija ya mapiko ofiira ikamauluka, komanso timbalame tiwiri timene anthu amachokera kunja kudzationa, white-winged apalis ndi yellow-throated apalis. Kachiwiriko kamapezeka ku Malawi kuno kokha, m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje. N'tating'ono ndipo sitikhazikika, ndi foni musayembekezere zambiri, koma tengani mmodzi wa anyamata operekeza alendo paphiripo, amadziwa kulira kwake ndi mitengo imene timakonda. Zimandiwawa kuona mmene mitengo yathera paphiri lija, ndiye amene mukujambula jambulaninso zitsa ndi malo opsa, zithunzi zimenezo zili ndi ntchito.

Anyani ndi apusi musawapatse chakudya kuti ayandikire. Akazolowera amayamba kulanda ndi kuluma, mapeto ake anthu amawapha. Mukagula mastroberi m'njira muja aikeni m'chikwama mutseke.

Ku Chilwa pitani kudzera ku Kachulu. Nyanjayi inalowa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, chifukwa cha mbalame zam'madzi, ndipo ndi yosazama moti inaumapo mu 1968 ndi mu 1995, ndiye musanapite funsani kuti madzi ali pati chaka chimenecho. Gwirizanani ndi mwini bwato, mumuuze kuti simukuthamangira ku chilumba cha Chisi, mukufuna kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mabango. Khalani pansi m'bwatomo, zigongono pa mawondo, shata ikhale yothamanga chifukwa bwato limayendayenda. Asodzi ndi zimbowera zawo, timisasa tawo ta pamadzi tija, musangowajambula, pemphani kaye. Madziwo musamapondemo chisawawa, likodzo.

Liwonde ndiye kuli zikuluzikulu. Bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyendetsa pakiyi mu 2015, anabweretsanso cheetah mu 2017 ndi mikango mu 2018, ndipo Amalawi timalipira zochepa pageti kusiyana ndi alendo akunja, tengani chiphaso chanu. Kwa munthu wa foni ulendo wa pa boti pa Shire ndi umene umapindula, mvuu, ng'ona ndi njovu zakumwa madzi zimakhala pafupi. Mukaona nkhwazi yatera pa mtengo wouma lozetsani mudikire, ikamalira imaponya mutu kumbuyo mpaka mlomo kuloza kumwamba, chithunzi chake ndi chimenecho. Musatsike m'galimoto, musauze woyendetsa kuti ayandikire njovu ya mwana, chimene woperekeza wanena mverani.

Chinthu china chofunika, mukajambula kadzidzi pa chisa kapena mwamwayi mwakumana ndi ngaka, musalembe malo ake pa Facebook, ndipo zimitsani location mu kamera ya foni. Kadzidzi anthu amamugenda chifukwa cha zikhulupiriro, ngaka ndiye anthu ozembetsa amaisaka usiku ndi usana, ndipo kupezeka nayo ndi mlandu wopita nawo kundende.

Tsopano usiku

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino chifukwa zinthu zitatu zikuyenera kukumana, mwezi kulibe, mitambo kulibe, magetsi ali kutali.

Mwezi umazungulira pa masiku 29 ndi theka. Ukakhala wathunthu umatuluka dzuwa likamalowa, ndiye tsiku lililonse umachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Ndiye kuti pakatha sabata umatuluka cha pakati pa usiku, madzulo onse ndi anu. Kuyambira pamenepo mpaka masiku awiri atatu mwezi watsopano utaoneka, imeneyo ndi nthawi ya nyenyezi. Miyezi yabwino ndi May, June, July mpaka kumayambiriro kwa August, mvula yatha, mpweya ndi woyera. Chiperoni chikabwera ingokhalani kunyumba, chikangochoka kumwamba kumakhala koyera koposa. Kuyambira kumapeto kwa August mpaka mvula yoyamba utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimaphimba nyenyezi za m'munsi, za pamutu zokha ndi zimene zimaoneka bwino.

Malo, chokani pakati pa tauni. Kumudzi kulikonse kumene kulibe mababu pafupi n'kwabwino, kaya njira ya ku Jali, kaya chaku Chingale. Magetsi akathima dera lonse musangodandaula, tulukani panja ndi foni, mdima umenewo ndi waulere. Paphiri, ku Emperor's View kumene anafika Haile Selassie mu 1965 n'kokongola kujambula magetsi a tauni ali pansi ndi mwezi ukutuluka chaku Chilwa, koma kwa nyenyezi lowani mkati mwa phiri kuti tauni ibisike. Ku Chingwe's Hole ndi m'mphepete mwa maphompho musapiteko mumdima.

Za chitetezo musazitenge mopepuka. Musapite nokha. Malo mukaone masana. Ngati ndi kumudzi kosakhala kwanu, kafikeni kwa amfumu kudakali kowala, mupereke moni mwaulemu, mufotokoze kuti mukufuna kujambula nyenyezi, muwaonetse zithunzi pa foni, ndipo pemphani mnyamata wa pamudzipo akhale nanu. Tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa mu 2017 m'maboma a kum'mwera kuno, anthu osalakwa anaphedwa. Mlendo ali pamunda usiku ndi chinthu cha miyendo itatu ndi tochi yofiira akhoza kuganiziridwa zina. Kumanda musayandikireko olo kukhale mdima wabwino chotani. Ndipo kuno kuli State House, Cobbe Barracks ndi ndende, kamera isaloze kumeneko, usana kapena usiku. Valani nsapato zotseka chifukwa cha njoka, jekete lolemera ngati ndi paphiri, ndi mafuta othamangitsa udzudzu ngati ndi kunyanja.

Mukafika zimitsani tochi, chepetsani kuwala kwa sikirini mpaka pansi. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kamodzi kokha kumabweza zonse pachiyambi. Kutani tochi ndi pulasitiki yofiira kapena nsalu yofiira, kuwala kofiira sikusokoneza kwambiri.

Muziyang'ana chani? Zomba ili pa madigiri 15 kum'mwera kwa equator, ndiye pakati penipeni pa Mlalang'amba, pamene pali powala kwambiri, pamadutsa pafupifupi pamutu pathu. Anthu a ku Ulaya amangopaona m'munsi chapansipansi. Mu June ndi July pofika 7 koloko madzulo mdima wagwa ndipo Mlalang'amba wakwera kale chakum'mawa, cha m'ma 10 mpaka 12 uli pamutu. Pezani nyenyezi yofiirira ya Antares ndi mzere wopindika wa gulu la nyenyezi la Scorpius, looneka ngati chinkhanira, powalapo pali pafupi ndi mchira wake. Kum'mwera kuli Southern Cross, nyenyezi zooneka ngati mtanda, ndi nyenyezi ziwiri zowala zoilozera, yowala kwambiriyo ndi Alpha Centauri. Nsangwe ndi Akamwiniatsatana madzulo zimaoneka nthawi ya mvula, ndiye ngati mukuzifuna kumwamba kuli koyera dzukani mbandakucha mu August kapena September. Nthanda ilibe mwezi wake wokhazikika chifukwa si nyenyezi koma pulaneti ya Venus. Ikani pulogalamu ya Stellarium pa foni mudakali pa netiweki, mukailozetsa kumwamba imakuuzani chilichonse, ndipo ili ndi pofiiritsa sikirini.

Masetingi a foni, lowani pa Pro kapena Manual. Gwiritsani kamera yaikulu ya 1x. ISO 1600, shata masekondi 15, fokasi ichotseni pa Auto muikokere kumapeto kumene kuli kachizindikiro ka phiri. Ngati pali RAW, yosunga chithunzi chosafinya, yatsani. Ikani timer ya masekondi 2 kapena 5 kuti kudina kwanu kusagwedeze foni, kapena lumikizani mahedifoni a waya mudine batani la voliyumu. Igonekeni foni pa kathumba, dinani, chotsani manja, musayende pafupi. Chikada kwambiri kwezani ISO kufika 3200, chikayera mbuu tsitsani pa 800. iPhone ikazindikira kuti yakhazikika Night mode yake imafika masekondi 30, Pixel imajambula yokha kwa mphindi 4. Mafoni ena otchipa salola shata yaitali, ngati yanu ndi yotero musataye mtima, jambulani mwezi, Nthanda ndi kufiira kwa kumwamba dzuwa litangolowa.

Pa kamera, ikani pa M, lenzi ya 18-55 imene imabwera ndi makamera ambiri muibweze pa 18, kutseguka kwa lenzi f/3.5, ISO 1600 kapena 3200, masekondi 15, white balance (yowongolera mtundu wa kuwala) cha m'ma 4000K. Chifukwa chosapitirira pamenepo n'choti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye shata ikatalika nyenyezi zimasanduka timizere. Kawerengedwe kake, gawani 500 ndi kutalika kwa lenzi, ndipo pa makamera ang'onoang'onowa muyambe mwachulukitsa kutalikako ndi 1.5. Ndiye 18 ikhala 27, ndipo 500 kugawa 27 ndi masekondi 18, n'chifukwa chake 15 ndi yotetezeka. Zimitsani IS kapena VR, yochepetsa kugwedezeka, kamera ikakhala pa tripod.

Fokasi ndi imene imagwetsa anthu ambiri, ndiye chitani modekha. Lenzi iikeni pa MF, fokasi ya pamanja, yatsani Live View kuti muzionera pa sikirini, lozetsani pa nyenyezi yowala kwambiri, kulitsani sikirini ka 10. Muona kampira kotuwa kakunjenjemera. Potozani mphete ya fokasi pang'onopang'ono, kampirako kayamba kuchepa, kuchepa, mpaka kukhala kadontho, ndipo pambali pake tinyenyezi tina timene sitimaoneka titulukira. Mukapitirira kayambanso kufufuma, bwererani. Pamene pali pochepetsetsa matanipo tepi kuti mphete isasunthe. Jambulani chimodzi, chikulitseni muone, musadikire kukaona kunyumba.

Nyenyezi zokhazokha zimatopetsa kuona, ikanimo cha pansi, mlambe, nkhokwe, denga laudzu, mzere wa phiri. Mukafuna mtengo uoneke, walitsani tochi chammbali kwa sekondi imodzi shata ili yotsegula. Paphiri ndi kunyanja mame amagwa pa galasi mosadziwika, zithunzi zikayamba kufewa unikani lenzi, pukutani ndi kansalu kaja osati juzi. Kuzizira kumamaliza batire msanga, yapadera isungeni m'thumba la mkati.

Mukazolowera yesani mizere yozungulira ya nyenyezi. Lozetsani kum'mwera, madigiri 15 kuchokera pansi, ndiye kuti chibakera chimodzi ndi theka mutatambasula mkono. Jambulani zithunzi za masekondi 30 motsatizana kwa ola lathunthu osasuntha kamera, kenako muziphatikize pa kompyuta ndi StarStaX, ndi yaulere. Cha pa 5 ndi 6 May mbandakucha kumagwa nyenyezi zothothoka za Eta Aquariids, zochokera ku fumbi la comet ya Halley, njira yake ndi yomweyi yojambula motsatizana n'kudzasankha zimene zagwira.

Mwezi ndi nkhani ina, umawala ndi dzuwa ndiye umafuna masetingi a masana, ISO 100, f/11, 1/125, kenako sinthani pang'ono malinga ndi zotuluka. Pa foni dinani pa mwezi mukokere kadzuwa kaja pansi mpaka madontho ake aoneke, ndipo bayinokula ija apa imagwira ntchito kwabasi. Mwezi wa theka ndi umene umaonetsa maenje bwino m'malire mwa kuwala ndi mdima, wathunthu umaoneka wosalala.

Mukafika kunyumba

Sankhani zochepa, zina fufutani. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Snapseed kapena Lightroom dulani, kwezani contrast pang'ono, chepetsani timadontho, koma musathire mtundu mpaka kumwamba kukhale kwa pepo kapena pumbwa asanduke mbalame ina. Dzina la mbalame likakuvutani mapulogalamu a pa foni a Merlin ndi iNaturalist amathandiza, komanso funsani agogo dzina lake la kwathu mulembe limodzi ndi tsiku ndi masetingi. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi amachifinya tinyenyezi tating'ono tonse n'kufufutika. Zithunzi zoyambirira zija zosakonza zisungeni pawiri, pa memori khadi ndi pa kompyuta kapena Google Photos mukapeza bandulo.